Mjigo ndi septic tank pa puloti imodzi: zoti mudziwe musanayambe kukumba

Masiku ano kumudzi kukumangidwa nyumba zooneka bwino zedi. Ena ndalama akutumiza ali ku Joni, ena ali mtauni, ena apuma pantchito ndiye akufuna akakhale kwawo mwa mtendere. Nyumba ya malata a IBR, matailosi, bafa mkati, chimbudzi chogejemula, zonse zili bwino. Koma kumudzi kulibe mpope wa Water Board, kulibenso sewer yoti zonyansa zizipita kutali inu osaziwonanso. Ndiye kuti madzi akumwa muwatenga pansi pa puloti yanu yomweyo, ndipo zochokera kuchimbudzi muzitsira pansi pa puloti yomweyonso. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa wokumba mjigo amabwera tsiku lake nkuloza pomwe wakonda, womanga septic tank nayenso amabwera chaka china nkukumba pomwe pamuphwekera kulumikiza mapaipi, awiriwa sanakumanepo, ndipo palibe amene wayeza kuti kuchoka apa kufika apo ndi mamita angati komanso kuti madzi a pansi akulowera mbali iti. Ine ndimati ziwirizi ndi ntchito imodzi, muziganizire limodzi maziko a nyumba asanakumbidwe nkomwe.

Tiyambe ndi madziwo, kuti pansipo amakhala bwanji. Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pali mtsinje woyenda ngati Bua kapena Linthipe, woti ukaulasa basi wapeza madzi. Sizili choncho ayi. Nthaka ili ngati siponji yonyowa, madzi amakhala mtimipata ta pakati pa mchenga, mmiyala yofumbutuka ndi mming'alu ya thanthwe. Mvula ikagwa, ina imathamanga pamwamba kupita kudambo, ina imalowa pansi pang'onopang'ono mpaka kukafika pomwe timipata tonse tadzadza. Pamwamba pa madzi amenewo ndi pomwe akatswiri amati water table, ndipo sipakhala pamodzimodzi chaka chonse: mu Febuluwale ndi Malichi madzi amakwera, ikafika Okutobala ndi Novembala atsika kwambiri. Madziwa amayendanso, koma mwakachetechete, kuchoka kumtunda kulowera kumunsi, nthawi zambiri motsata mmene malowo atsetserekera kulowera kudambo kapena kumtsinje. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa nkhani yonse ya septic tank yagona pamenepa.

Malo amasiyana. Mzigwa zakumtunda ngati ku Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Mzimba, madzi amapezeka kwambiri mthanthwe lomwe linafumbutuka kalekale ndi mming'alu ya pansi pake, sakhala ochuluka kwambiri koma a pabanja kapena a mudzi amakwana. Mmbali mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire ndi mchenga ndi dothi lobwera ndi madzi, kumeneko madzi amapezeka pafupi, koma mavuto ake ndi ena: maenje amagumuka, zimbudzi zimafika pamadzi msanga, ndipo mmadera ena a Chikwawa ndi Nsanje madzi amatuluka amchere oti olo kuphikira tiyi sizitheka, sopo sachita thovu.

Chitsime chokumba pamanja sichoipa, bola chikumbidwe bwino. Chikumbeni kumapeto kwa chilimwe madzi atatsikiratu, chifukwa mukakumba mu Epulo mupeza madzi pafupi nkusangalala, kufika Okutobala chaphwa. Mkati muwake njerwa zootcha kapena muike ma ring a simenti, mamita angapo apamwamba muwapake simenti kuti madzi a mvula asalowere mmbali, khoma likwere pamwamba pa nthaka, pakhale chivindikiro, ndipo ngati nkotheka ikani pampu mmalo moponya ndowa ya aliyense yomwe yangotsitsidwa kumene pansi pomwe nkhuku ndi mbuzi zimayenda. Kuli ma rope pump omwe amisiri amapanga konkuno, ku Mzuzu kuli SMART Centre yomwe yakhala ikuphunzitsa anthu kupanga mapampu otere komanso kuboola mijigo pamanja, zomwe zimatsika mtengo kusiyana ndi kuitana chimashini, kungoti zimatheka pomwe palibe thanthwe lolimba. Chinthu chimodzi chokha chomwe ndikupempheni: munthu asatsike mchitsime chakuya ali yekha, ndipo jenereta kapena pampu ya petulo isalire mkati kapena pakamwa penipeni pa chitsime, utsi wake umatsikira pansi ndipo umapha munthu asanakuwe nkomwe.

Tsopano mjigo wa mashini, womwe ena amati dilawo. Apa ndalama zake ndi zambiri ndiye ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa chovuta cha mjigo nchakuti zonse zofunika zimakwiririka pansi, inu chomwe mumaona ndi simenti ya pamwamba ndi madzi akutuluka tsiku loyamba, aliyense nkumaomba mmanja. Mavuto amadzaoneka pakatha miyezi.

Choyamba funsani mapepala. Kuyambira pomwe kunabwera lamulo la zamadzi la 2013, kuli bungwe la National Water Resources Authority lomwe limayang'anira zokumba mijigo ndi kupereka ziphaso kwa okumba. Kontilakita akuonetseni chiphaso chake, ndipo za chilolezo cha mjigo wanuwo kafunseni ku ofesi ya zamadzi ya kuboma kwanu musanapereke dipoziti. A ku ofesi imeneyo amadziwanso kuti mijigo ya mdera lanulo imapeza madzi pa mamita angati, ndi midzi iti yomwe madzi ake ndi amchere, zomwe munthu wongobwera ndi lole kuchokera kutali sangakuuzeni.

Chachiwiri ndi survey. Pali aja amayenda ndi timawaya tiwiri kapena kamtengo ka mphanda kapena botolo pamutu nkumati apa pali madzi. Sindikufuna kunyoza munthu, koma ndalama za mjigo si zoyesera mwayi. Survey yeniyeni amakhoma zitsulo pansi motalikirana, kulumikiza mawaya, nkudutsitsa magetsi munthaka, makinawo amaonetsa pomwe thanthwe lafumbutuka mozama kapena pomwe pali mng'alu. Nayonso siilonjeza kuti madzi apezeka ndithu, koma imachepetsa mwayi wotaya ndalama. Ndipo wa survey musangomusiya aloze paliponse, muonetseni pomwe padzakhale septic tank, pomwe pali chimbudzi chanu chakale, cha aneba, khola la ng'ombe, dzala, manda ngati ali pafupi. Akupatseni malo awiri kapena atatu oti musankhepo.

Ndiye pali nkhani yomwe imadanitsa anthu: akaboola osapeza madzi, alipira ndani? Izi mugwirizane polemba, osati pafoni. Ena amalipiritsa pa mita, madzi apezeke asapezeke. Ena amatchula mtengo umodzi wokwererapo nkulonjeza kuti akalephera pamalo oyamba asuntha okha. Zonse zili ndi poipira pake. Wa pa mita akhoza kukuuzani kuti wafika 60 pomwe walekeza pa 42, wa mtengo umodzi akhoza kuima msanga akangoona timadzi toyamba kuti asunge dizilo, nkukusiyirani mjigo woti chilimwe chikafika muzipopa mphepo. Mankhwala ake ndi amodzi, tsiku loboola pakhale munthu wanu wamaso, makamaka inu muli kunja amene mumangolandira zithunzi pa WhatsApp. Munthuyo afunse kuti rodi imodzi, chitsulo choboolera chomwe amachilumikiza ndi chinzake akamatsika pansi, ndi yaitali bwanji, aziwerenga ma rodi omwe alowa pansi, azilemba kuti madzi oyamba anaoneka pa rodi yachingati. Mijigo yambiri ya mmidzi kuno imakhala pakati pa mamita 30 ndi 60, koma kuya pakokha sikutanthauza kuti mjigo ndi wabwino, chofunika nchakuti wadutsa bwino pomwe pali madzi ndipo pampu idzakhala pansi pa madzi olo mu Novembala.

Akamaliza kuboola amatsitsa mapaipi a PVC omwe amati casing, kawirikawiri a 110 mm. Ena ndi osabooka, ena ali ndi timing'alu tating'ono tolowera madzi, amenewa ayenera kukhala moyang'anana ndi pomwe madzi anapezeka. Awerengeni mapaipiwa asanalowe, ndipo onani kuti ndi a mjigo enieni okhuthala, osati aja opyapyala a zonyansa omwe wina wangowacheka ndi sowo, chifukwa amenewo amaphwanyika pansi ndipo mjigo ukaphwanyikira mkati palibe chokonza, nkukumbanso wina basi. Pansi penipeni pakhale chotsekera. Kenako mumpata wa pakati pa paipi ndi khoma la dzenje amathiramo timiyala tosefa, totsukidwa bwino, tobulungira ngati ta kumtsinje kapena kunyanja, ntchito yake nkutchinga mchenga. Mukaona akubwezeramo dothi lomwe latuluka poboola, akanizeni pomwepo. Mjigo wotulutsa mchenga umadya ma rabala a pampu mwezi ndi mwezi, ndipo pampu ya sola ndiye imafa msanga.

Pamwamba pa timiyalato ndi pomwe pali chinthu chomwe ambiri amadumpha chifukwa palibe amachiona: mamita angapo omalizira kufika pamwamba ayenera kutsekedwa ndi simenti yamadzimadzi yothira mozungulira paipi. Popanda chimenechi madzi akuda a pamwamba, a mvula, ochapira, mikodzo ya ziweto, amangotsetsereka mmbali mwa paipi kukafika pansi osasefedwa ndi dothi olo pang'ono. Mjigo umatha kukhala wa mamita 50 koma nkumamwa madzi a pabwalo. Matumba a simenti a ntchito imeneyi muwaone ndi maso akutsegulidwa.

Zikatha apo amaupemerera ndi kompresa mpaka madzi atayera, osati mphindi khumi ayi, mpaka mutatunga mu ndowa yoyera nkuona kuti pansi sipakudikha mchenga. Kenako pumping test: amaikamo pampu nkupopa kwa maola angapo akuyeza kuti madzi akutsika bwanji, akasiya ayezenso kuti akubwerera mwachangu bwanji. Pa mjigo wa pamanja mlingo womwe amagwiritsa ntchito kuno ndi malita 0.25 pa sekondi, kutanthauza kuti ndowa ya malita 20 idzadze pa mphindi imodzi ndi masekondi 20, ndipo izichita choncho mosalekeza. Pomaliza akupatseni lipoti lolemba: kuya, pomwe pali mapaipi obooka, pomwe madzi aima, kuchuluka kwake. Lipotili musunge pamodzi ndi mapepala a malo, tsiku lina mmisiri wa pampu adzalifuna.

Madzi oyera mmaso sindiye kuti ndi abwino. Tengani sampulo ikayezedwe ku labu, a zamadzi kuboma kapena a zaumoyo akuuzani kopita ndi katengedwe kake chifukwa botolo lake limafunika loyera mwapadera ndipo lifike msanga. Choyamba kuyang'ana ndi E. coli, tizilombo tomwe timasonyeza kuti chimbudzi chafika mmadzi, mlingo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi wakuti mu 100 ml musapezeke olo kamodzi. Kenako nitrate, yemwe amachokera kuzimbudzi, makola ndi feteleza, asapose 50 mg pa lita chifukwa ndi woopsa kwa makanda. Palinso fluoride, asapose 1.5 mg pa lita, mmadera ena monga cha ku Nathenje ana amakula ndi mano a mawanga ofiirira chifukwa cha ameneyu, anthu nkumati mwana satsuka mkamwa pomwe vuto ndi madzi. Dziwaninso kuti kuwiritsa kumapha tizilombo kokha, mchere, nitrate ndi fluoride sizichoka, madzi akamaphwera mpoto ndiye zimachita kuchulukirako. Madzi akamafiira mukawasiya mu ndowa, kapena kumveka dzimbiri, chikhoza kukhala chitsulo cha munthaka momwemo, koma nthawi zambiri ndi ma rodi a pampu a galvanised omwe akudyeka chifukwa madzi a malowo ndi owawasirako, pamenepo bola kugula ma rodi a stainless kamodzi nkupuma.

Pampu yomwe tonse tinakulira ndi Afridev, ija ya chogwirira chachitali. Chiyambi chake chili konkuno, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunali pampu yotchedwa Maldev yomwe inkayesedwa mMalawi muno, kenako inakakonzedwanso ku Kenya nkukhala Afridev. Anaipanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuikonza okha, ma rodi ndi plunger yokankha madzi ndi foot valve yoletsa madzi kubwerera pansi zimatuluka osazula mapaipi, sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera basi. Imakoka madzi mpaka mamita 45. Zomwe zimatha msanga ndi timarabala, U-seal, O-ring, bobbin, ndi ma bush a pulasitiki a pachogwirira. Mukamva chogwirira chikugwedera uku ndi uku kapena kulira chitsulo pa chitsulo, ma bush atha, musadikire. Mukaona mmawa mukupopa kambirimbiri madzi asanabwere, ndiye kuti foot valve ikudontha kapena paipi yang'ambika. Tinthu timeneti ndi totchipa poyerekeza ndi zomwe timaononga tikatha, ndipo pafupifupi dera lililonse kuli area mechanic wodziwa ntchitoyi.

Koma nyumba ya chimbudzi chogejemula imafuna madzi a mmipope, ndiye ambiri akuika pampu ya sola ndi thanki pamwamba. Apa cholakwika chachikulu nkugula pampu yamphamvu kuposa mjigo. Ngati mjigo umapereka malita 900 pa ola inu nkuikamo pampu yokoka 3,000, madzi amatsika mpaka pampu kuyamba kumeza mphepo, nkupsa. Pampu isankhidwe poona lipoti la pumping test lija, ikhale ndi kachipangizo kozimitsa madzi akatsika, ndi kena kozimitsa thanki ikadzadza. Thanki ya malita 5,000 ikadzadza imalemera matani asanu, ndiye stand yake isakhale yowotcherera mwachidule. Mamita 10 a kutalika ndi omwe amapereka bar imodzi ya pressure, stand ya mamita 4 kapena 6 shawa imatuluka ndithu koma musayembekezere mphamvu ya mtauni.

Tsopano tibwere ku septic tank, komwe ndimaona kuti kusamvetsa nkochuluka kuposa ku mjigo. Anthu ambiri amaiona ngati dzenje lalikulu losungira zonyansa, ndiye amati likakula bola, pansi osawaka kuti madzi azilowa munthaka lisadzadze msanga. Chimenecho si septic tank, ndi chimbudzi chokumba chomwe mwachiwonjezera madzi ambirimbiri, ndipo nchoopsa kuposa chimbudzi wamba chifukwa madziwo ndi amene amanyamula tizilombo kupita nato kutali.

Septic tank yeniyeni ndi bokosi losadontha, pansi konkire, makoma opakidwa pulasitala bwinobwino, la zipinda ziwiri. Chipinda choyamba chimatenga magawo awiri mwa atatu a kutalika kwake. Zochokera mnyumba zikalowa zimadekha, zolemera zimamira pansi nkukhala matope, zamafuta ndi zopepuka zimayandama nkupanga chikhungu pamwamba, pakati pamatsala madzi otuwa. Tizilombo tosafuna mpweya timadya matope aja pang'onopang'ono nkuwachepetsa. Madzi a pakatiwo ndi omwe amaolokera chipinda chachiwiri kudzera pabowo lomwe lili chapakati pa khoma, osati pansi osatinso pamwamba, akadekhanso kumeneko nkutuluka. Polowera ndi potulukira pamafunika paipi ya T yoloza pansi, yoyamba kuti zobwerazo zisavundule chikhungu, yachiwiri kuti chikhungu chisatuluke. Potulukira patsike pang'ono, masentimita 5 mpaka 7, kusiyana ndi polowera. Ka T kameneka nkotchipa koma mukatsegula ma tank ambiri simukapeza, ndipo ndi chifukwa chake ma soakaway ambiri, maenje omwetsera madzi otuluka mu tank, amafa asanathe zaka zingapo.

Nayi mfundo yomwe ndikufuna aliyense aimve: madzi otuluka mu septic tank si oyera. Akadali ndi tizilombo ta kolera, taifodi, kamwazi, tonse. Tank ntchito yake nkulekanitsa zolimba ndi madzi basi. Chomwe chimayeretsa madziwo ndi dothi, pamene akudutsa pang'onopang'ono mdothi louma lokhala ndi mpweya, tizilombo timakodwa nkufa. Ndiye soakaway, dzenje lija lodzadza miyala, kapena ngalande zokwirira zokhala ndi paipi yobooka pamwamba pa miyala ya kwale, ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Pansi pa soakaway payenera kutsala dothi losachepera mita imodzi ndi theka musanafike pa madzi a pansi, ndipo muyeze ndi nthawi ya dzinja madzi atakwera, osati mu Okutobala. Mukakumba soakaway yakuya mpaka kuona madzi akutumphuka pansi, musasangalale kuti izimwa bwino, mwalumikiza chimbudzi chanu ndi madzi omwe mudzi wonse ukumwa. Malo oti madzi ali pafupi, ngalande zosaya koma zazitali ndi zabwino kuposa dzenje lakuya.

Dothi lanu liyeseni, sizifuna ndalama. Pomwe mukufuna soakaway kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse pa kuya komwe madzi azidzalowera, thiranimo madzi kadzadze, kagone usiku. Mmawa mudzadzenso nkuyang'ana. Ngati madzi a dzulo mwawapeza ali chiimire, ndiye ndi makande aja a kudambo omata, soakaway wamba pamenepo izidzasefukira dzinja lililonse. Ngati madzi akungozimirira mukuthira, monga mumchenga wa ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi, kapena pathanthwe long'aluka, nazonso si zabwino chifukwa akuthamanga osasefedwa, pamenepo mtunda wopita ku mjigo uyenera kutalika kwambiri. Dothi labwino ndi lomwe madzi amatsika mooneka koma mosafulumira, ngati katondo wosakanikirana ndi mchenga.

Mtunda womwe a zaumoyo amanena ndi mamita 30 kuchoka pa chimbudzi kapena soakaway kufika pa chitsime kapena mjigo, ndipo chimbudzicho chikhale kumunsi, mjigo kumtunda. Mamita 30 ndi poyambira chabe, malo akalola fikani 50. Muyeze ndi tepi kuchokera pa soakaway, osati pa tank, osatinso poponya mapazi mongoyerekeza. Kumbukiraninso kuti pampu ya sola ikamakoka tsiku lonse, madzi ozungulira mjigo amatsika ndipo mjigowo umayamba kukoka kuchokera mbali zonse, ngakhale ya kumunsi komwe mumati nkotetezeka. Ndipo madzi a pansi sadziwa malire a puloti. Soakaway yanu ikhoza kukhala kutali ndi mjigo wanu koma ili mamita 10 kuchoka pachitsime cha aneba, kapena iwo mawa akumba chimbudzi kuseli kwa mpanda wanu pafupi ndi mjigo. Khalani nawo pansi, ngati nkofunika a mfumu akhalepo, paja nawonso adzatunga pompo. Ma puloti ang'onoang'ono a pa trading centre nthawi zina mamita 30 sakwana olo mutayeza chopingasa, zikatero bola kuvomereza kuti pamenepo sipangakhale zonse ziwiri, mjigo ukakhale kwina wogawana ndi anzanu.

Kukula kwa tank tiwerengere limodzi. Tinene kuti pakhomo pali anthu 8, aliyense akugwiritsa ntchito malita 80 patsiku kusamba, kugejemula, kuchapa. Ndi malita 640 patsiku. Madzi ayenera kukhala mu tank tsiku limodzi kapena awiri kuti adekhe, tinene 1,300. Matope amaunjikana pafupifupi malita 40 mpaka 60 pa munthu pachaka, ndiye anthu 8 pa zaka zitatu ndi cha mma 1,200. Pamodzi 2,500. Tank ya mamita 2.4 mulitali, mita imodzi mulifupi, madzi akuya mita 1.2, imasunga pafupifupi 2,900, pamwamba pa madzi nkusiya mpata wa masentimita 30. Koma kumudzi mukudziwa, Khirisimasi, chinkhoswe, maliro, nyumba ya anthu 8 imagona anthu 30, ndiye onjezeraniko, ndipo chimbudzi chokumba cha panja musachigwetse. Chimathandiza alendo akachuluka, pampu ikafa, kapena kukachita mitambo masiku angapo thanki nkuuma. Paipi yochokera mnyumba ikhale ya 110 mm yotsetsereka masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse, pokhota paliponse pakhale manhole, ndipo pakhale paipi ya mpweya yokwera kupitirira denga yokhala ndi kaneti pamwamba kuti udzudzu ndi ntchentche zisalowe. Madzi a padenga asalowe mu tank. Madzi a kubafa ndi ochapira ambiri amawapatsa dzenje lawolawo, ndi nzeru yabwino, ndipo a kukhitchini adutse kaye pa kabokosi kogwira mafuta.

Mu chimbudzi chogejemula musalowe ma pampers, ma pad, makondomu, zitsononkho, nsanza, mapepala olimba a simenti kapena manyuzi ambirimbiri. Achibale omwe sanazolowere auzeni mwaulemu, ndipo ikani tishu ndi kabini pompo. Jik ndi mankhwala ena amphamvu pang'ono potsuka palibe vuto, koma kukhuthulira botolo lonse kapena oilo wakutha kumapha tizilombo tomwe tikukugwirirani ntchito. Mitengo ya mizu yolusa ngati bulugama ndi nsungwi ikhale kutali, ndipo galimoto kapena ngolo isamadutse pa silabu.

Tank iliyonse imadzadza, olo yomangidwa bwino chotani. Amene amanyadira kuti yanga yatha zaka 15 osapopa, kawirikawiri ndiye kuti ikudontha pansi kapena matope anasefukira kale mu soakaway. Chaka chilichonse tsegulani chivindikiro, tengani nsungwi yaitali mukulunge nsanza yoyera kumapeto, muitsitse mpaka pansi pa chipinda choyamba nkuitulutsa pang'onopang'ono, pomwe pada ndi pomwe matope afika. Akafika gawo limodzi mwa atatu a kuya kwa madzi yambani kusaka opopa, asafike theka. Mabanja ambiri zimatenga zaka zitatu mpaka zisanu. Zizindikiro zoti mwachedwa ndi chimbudzi kumeza mozengereza, kulira kwa gudugudu mmapaipi, fungo, ndi udzu wobiriwira kwambiri pa soakaway nthawi ya chilimwe. Popopa asiyemo timatope pang'ono kuti tizilombo tipitirize.

Vuto la kumudzi nlakuti magalimoto opopa ali mmatauni, kuwaitana kutali amawerengera dizilo, ndiye pomanga siyani njira yoti lole idzafike pafupi, ndipo ngati pali anzanu a ma tank mderalo itanani limodzi mugawane mtengo. Kukakhala kuti ndi anyamata a ndowa kapena a pampu ya pamanja ija amati gulper, chonde munthu asalowe mkati. Mumakhala mpweya woipa, wina umayaka moto, wina umanunkha ngati dzira loola koma ukachuluka mphuno imasiya kuumva, munthu amangofooka nkugwa, wachiwiri wolowa kukamupulumutsa nayenso amatsalira momwemo. Fodya, machesi, kandulo, zisayandikire. Apatseni magolovesi, majombo, sopo. Ndipo funsani komwe akukataya, zisapite kumtsinje kapena kudambo komwe anthu amalima madimba. Ngati kulibe malo a khonsolo otayirako, zikwiriridwe mngalande kutali ndi madzi, kumunsi, nkufotsera dothi lokwanira tsiku lomwelo.

Pali malo ena oti kunena zoona septic tank siyoyenera, madzi ali pafupi kwambiri, kapena ndi makande okhaokha, kapena madzi ogejemulira ndi osadalirika. Pamenepo chimbudzi cha VIP chomangidwa bwino, chija cha paipi ya mpweya chomwe Peter Morgan anayambitsa ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe mzaka za m'ma 1970, sichinunkha ndipo ntchentche zimafera pa neti ya paipi. Ziliponso za manyowa monga Fossa Alterna, maenje awiri osaya ogwiritsa ntchito mosinthana, mukatha kudzithandiza mumathira phulusa ndi dothi, dzenje likadzadza mumalitseka chaka chathunthu. Chifukwa ndi zosaya komanso zouma, sizifika pamadzi a pansi msanga. Kumalo osefukira amamanga zokwera pamwamba.

Za kusefukira kwa madzi tisazitenge mopepuka. Kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana ndi Gombe, inafalikira dziko lonse, inagwira anthu oposa 58,000 nkupha oposa 1,700, ndipo ili mkati namondwe Freddy anabweranso mu Malichi 2023 nkugwetsa zimbudzi zambirimbiri kummwera. Madzi osefukira akadutsa pa mjigo kapena chitsime chanu, olo aphwe mawa lake, musamwe mwachisawawa. Itanani alangizi a zaumoyo kapena a zamadzi adzathiremo klorini wa HTH wamphamvu, agone usiku, mupope mpaka fungo litatha, ndipo kufikira atayezedwanso madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard kapena klorini wa kuchipatala nkudikira mphindi 30. Simenti ya pa mjigo ikang'aluka matani msanga, ngalande yotaya madzi ikhale yoyera ipite kutali, ndipo mangani kampanda ziweto zisamapange chithaphwi pompo.

China chomwe chimachitika kwambiri anthu akapeza mjigo watsopano: chitsime chakale chija amachisandutsa dzala, ena mpaka kuikapo silabu nkukhala chimbudzi poti dzenje lilipo kale. Musayerekeze. Chitsime chinakumbidwa mpaka kufika pamadzi enieni, ndiye chilichonse mwaponyamo, mabatire, ma pampers, galu wakufa, chimalowa mmadzi omwewo omwe mjigo wanu ukukoka, popanda dothi losefa pakati. Ngati chikadali chabwino chivindikireni ndi silabu yolemera muzithirira dimba. Ngati mwathana nacho, pansi thiranimo mchenga ndi miyala yoyera mpaka pomwe madzi amalekeza, pamwamba pake dothi la makande kapena la pachulu mukusinja gawo ndi gawo mpaka kudzadza, mamita omalizira mutseke ndi konkire, ndipo pamwamba paunjike dothi pakhale kokwera kuti madzi a mvula asamaimepo.